Botolo la a Daka

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha njinga. Nditamaliza Giredi 12 ndinakhala pakhomo ku Luembe zaka ziwiri, kungopalira ndi kudya. Tsiku lina kutchalitchi analengeza kuti kiliniki ikufuna anthu oyendera odwala m'midzi, koma akhale ndi njinga yawoyawo. Odziwa ntchito analibe njinga, ine mtsikana wosadziwa kanthu ndinali nayo ya malemu bambo anga. Ananditenga.

Anatiphunzitsa masabata atatu ku Nyimba n'kutipatsa chikwama cha magolovesi, sopo, vaselini, makina oyezera kuthamanga kwa magazi ndi kabuku. Wotiyang'anira anali namwino, a Mwanza, mayi wamfupi wosachulutsa gaga m'diwa. Ine ndinabwerako mapewa ali m'mwamba, ndikudzimva udokotala.

Wodwala amene sindimuiwala ndi a Daka, mlimi wa thonje. Impso zawo zonse ziwiri zinali zitatopa. Kuchipatala anawauza za makina otsuka magazi, koma makinawo ali kutali, ndipo iwo anasankha kukafera kwawo. Miyendo inatupa moti ukadina ndi chala, dzenje linkatsala. Thupi linkayabwa mpaka ankadzikanda ndi chitsononkho, nseru sinkatha, m'kamwa ankati mukumveka dzimbiri. Koma nthabwala sizinawathere. Ndikamawapaka vaselini kumsana ankati, "Iwe mwana, manja yako yali monga khasu. Uzapeza mwamuna iwe?" Ndinkawakonda kwambiri mdala ameneyu.

Popeza mkodzo unkatuluka wochepa, madzi akumwa ankatsalira m'thupi n'kumawabanikitsa. Ndiye a Mwanza anatenga botolo, nalemba mzere ndi penti ya m'zikhadabo. Zakumwa za tsiku lonse zisapitirire pamenepo, tiyi ndi thobwa zomwe. Ine lamulo limeneli ndinaligwira ngati latsika kuphiri ndi Mose.

Chimene ndinaiwala n'chakuti kwathu munthu sumumana madzi, ngakhale mdani wako, nanji wodwala. Akazi awo, amai Daka, ankandimvera, mpaka mtsuko anakaubisa kuseri kwa nkhokwe. Alongo awo a a Daka atabwera kuchokera ku Nyalugwe kudzazonda matenda, anaona zimenezi, ndipo mawu anayamba kuyenda akuti mkaziyo akumumana madzi mwamuna kuti afe msanga. A Daka akanamwalira mawuwo ali choncho, amaiwo akanalozedwa chala pamaliro ndi moyo wawo wonse.

Tsiku lovuta linali mu Okotobala, dzuwa likuswa mtengo. Ndinapeza a Daka asanadye masiku atatu, akungogona, milomo itang'ambika. Achibale anadzaza pakhonde. Botolo linali litatha kale nthawi isanakwane leveni. Ndikuwayeza, popempha madzi ananong'ona kuti, "Manzi." Mlongo wawo wamkulu anabwera ndi kapu yodzaza thobwa, ine n'kuilanda m'manja mwake.

"Amai Daka aziba lamulo, ndiye chifukwa sabapasa," ndinatero mokweza, poganiza kuti ndikuwateteza.

"Mwamvela mweka?" mlongoyo anatembenukira anzake. "Ni zoona, amumana manzi m'bale wathu."

Amai Daka anadzuka, nakalira kuseri kwa khitchini. Pamenepo udokotala wanga unatha. Manyazi anandigwira, ndipo ndinaimbira foni a Mwanza.

Anafika pa njinga yamoto. Anamvetsera pachifuwa pa wodwala, anayang'ana maso ndi lilime, kenaka anandikokera panja. "Botolo lija linali lakuti apume bwino akali na masiku. Lomba masiku yasila, yatha. Usunga botolo kapena munthu?"

Atabwerera m'nyumba anakhala pamphasa, nauza achibale mwaulemu kuti mzere uja analemba ndi iwo, osati amai Daka, ndipo kuti kapu yodzaza ikanawatsamwitsa a Daka. Anaitanitsa supuni, kansalu koyera ndi madzi ozizira a mumtsuko. Tinawadzutsa a Daka n'kuwatsamiritsa pamapilo. Ndinkayesa kuti a Mwanza awamwetsa okha, koma anatuma munthu kukaitana amai Daka, nawapatsa supuniyo anthu onse akuona.

"Yambani na kansalu, munyowese milomo. Supuni imozi, muyembekeze ameze, mupase ina. Akafuna, apaseni."

Amaiwo anachita momwemo, misozi ikugwera pachitenje. Supuni yachitatu itapita, a Daka anatsegula maso n'kuwayang'ana akazi awo nthawi yaitali. "Amake Tisa," anatero, "manzi yako yakoma."

Anamwalira patapita masiku awiri. Pamaliro, mlongo wamkulu yemwe uja ndi amene ankauza anthu kuti m'bale wake wapita atamwa m'manja mwa mkazi wake. Nditapita kukapepesa kwa amai Daka, anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Unali kufuna akhale moyo. Na ine nenze kufuna chimozimozi."

Mpaka lero ndimayendera odwala impso, ndipo pamene muyeso wa madzi ukuthandiza ndimaulimbikira ndithu. Koma ndisanatsegule pakamwa ndimayamba ndaona wodwala wafika pati, ndiponso ndani wakhala pakhonde. Ine ndikamaliza ndimapalasa kubwerera kwathu, pamene mkazi wa wodwalayo amatsala m'mudzimo ndi mawu onse amene ndalankhula.