Mayi wokonza masofa amene anasiya kukhala pansi

Mlongo wanga wakhala akukonza masofa kuyambira ali mtsikana. Anthu a mumsewu mwathu amangomuitana kuti Amasofa, ndipo amayankha. Shedi yake ili kuseri kwa sitolo ya utoto, moyang'anizana ndi pamene ine ndimanolera mipeni ndi masowo ochekera matabwa. Amuna ake, alamu anga, amapanga mafelemu a matabwa. Iye amakoka malamba, amaika masipiling'i ndi siponji, kenako amaphimba ndi nsalu. Sataya kanthu. Munthu akabwera ndi sofa yoti mwini wakeyo akuchita nayo manyazi, iye amaitembenuza, n'kugogoda thabwa ndi chala, n'kunena kuti, "Felemu ili bwino. Atha ndi malamba."

Mu shedimo munali lamulo limodzi. Mpando ukatha, mwini wake asanaunyamule, Amasofa ankakhalapo kaye. Osati kukhala kwaulemu ayi. Ankadziponyapo ndi thupi lonse, ndipo thupilo ali nalo. Mpando ukapanda kulira, ankati, "Tengani." Anthu ankadutsa mashedi ena panjira n'kubwera kwa iye chifukwa cha kudziponya kumeneko.

Chaka china anasiya. Mpando ukatha ankangoukanikiza ndi manja.

Woyamba kuona anali wometa wa pakona, amene anabweretsa benchi yodikirirapo anthu ake.

"Amasofa, lero simukhalapo?"

"Ndatanganidwa."

"Mwatanganidwa ndi chiyani poti mwangoima?"

"Ndi kuimako."

Wometayo anatenga benchi yake monyinyirika. Munthu wometa satseka pakamwa, choncho mumsewu monse munamveka kuti Amasofa akuiopa mipando yake. Ntchito inayamba kuchepa.

Alamu anga ndi munthu wabwino, koma safunsa mafunso. Akhala ndi mlongo wanga mpaka imvi, ndipo nkhani zawo zonse ndi za misomali. Ataona kuti mkazi wawo sakukhala pa mipando, anaganiza okha kuti wasiya kukhulupirira mafelemu awo. Zinawapweteka mumtima. Anangoyamba kuwonjezera matabwa. Mlongo wanga sanakhalebe, iwo anawonjezeranso. Sofa ya anthu awiri inafika polemera ngati kabati yodzaza mbale, ndipo wonyamula mbali inayo poitembenuza anali mlongo wanga yemweyo.

Anaulula nkhaniyi ndi mwana wawo wamkazi, amene anakwatiwa kutali. Atabwera kudzacheza anapeza mayi ake akudya chiimire, atatsamira khoma. Anawatsekera m'chipinda mpaka ananena. Chiberekero chinali chitatsika, moti ankachimva pakhomo penipeni pa njira yoberekera. Akakhala pansi ankamva ngati wakhalira mpira, ndipo akanyamula cholemera zinkanyanya. Kuchipatala anali atapitako yekha mwakabisira, koma ali pamzere anamva mayi wina akunena kuti kumeneko amangochotsa chiberekerocho. Anabwerera pomwepo osaonana ndi aliyense.

Tsiku lopitanso kuchipatala tinali anayi. Mlongo wanga ananena kuti ndilowe nawo m'chipinda cha dokotala. "Achimwene alowe," anatero. "Awa akamva chinthu sawonjezera matabwa."

Dokotala anali mayi wa magalasi, wosathamanga polankhula. Atamupima kuseri kwa katani, tinakhala pansi tonse kupatula wodwalayo.

Mwana uja ndiye anayamba. "Adokotala, ingochotsani. Amayiwa anamaliza kubereka kalekale."

"Ndinamaliza, inde," anatero mlongo wanga. "Nanga iwe ukamaliza kudya umataya mbale?"

"Ndiye mukufuna muchisungire ndani? Mukufuna kutipatsa mng'ono wathu pa msinkhu umenewu?"

"Ndikanafuna ndikanakufunsa iwe?"

Dokotala anawasiya amalize. Kenako anafunsa mlongo wanga yekha chimene akufuna.

"Ndikufuna ndidziwe kaye. Chawonongeka ndi chiberekerocho kapena zochigwira?"

"Monga ndaonera, ndi zochigwira. Minyewa yafooka. Koma tipime kaye khomo lake ndi m'kati mwake. Tikapezamo matenda, ndidzakuuzani kuti tichotse, ndipo sindidzakunyengererani."

"Mukapanda kupezamo?"

Dokotala anafotokoza. Anati pali mphete ya labala imene amaika mkati kuti ichirikize, popanda opaleshoni, koma imafunika kumaitulutsa ndi kuitsuka. Pali opaleshoni yodzera kunsi, yokweza chiberekero n'kuchisokerera ku mnyewa wolimba wa m'chiuno. Palinso yodzera pamimba, yochimangirira ku fupa la kumunsi kwa msana ndi kalamba koluka ngati ukonde.

"Kalambako kakatha mumasintha?"

"Sikatha msanga. Koma kwa ena kamavuta, ndipo kukachotsa ndi ntchito yaikulu."

"Nanga yosokayo?"

"Ilibe kalamba. Koma chikhoza kudzatsikanso. Ngakhale titachotsa, zotsalazo zimatha kutsika. Palibe njira imene ndingalumbirire. Ndipo mukachisunga, muzibwerabe kudzapimitsa khomo lake."

Mlongo wanga anagwedeza mutu. Amakonda munthu wosalumbira pa ntchito yake.

"Kuntchito mumanyamula zolemera?" anafunsa dokotala.

"Masofa."

"Olemera bwanji?"

"Funsani awa," anatero, akuloza amuna ake.

Alamu anga anali asanalankhule chilowereni. Anayang'ana dokotala, anayang'ana mkazi wawo, kenako anafunsa funso limodzi lokha limene ndinawamva akufunsa chaka chimenecho.

"Ndiye kuti si mafelemu?"

"Mafelemu ati, bambo?" anafunsa dokotala.



Zotsatira za kupimako zinatuluka bwino. Mlongo wanga anayesa kaye mphete ija, koma sinkakhazikika. Anasankha opaleshoni yosoka. Mwana wake anadandaula njira yonse yobwerera kunyumba kuti amayi ake akukonzetsa chinthu chimene sachigwiritsanso ntchito. Mayi ake anangoti, "Ndi changa."

Anachitidwa opaleshoniyo, anagona kuchipatala, anatuluka. Dokotala anamuletsa kunyamula chilichonse cholemera mpaka mkati mutapola, ndipo anati ngakhale pambuyo pake masofa azitembenuza ena. Mawu amenewa anawanena akuyang'ana alamu anga.

Nthawi yonse imene mlongo wanga anali kunyumba, ine ndinkamva nyundo kuchokera mu shedi. Sikunali kukhoma. Alamu anga ankazula matabwa onse amene anawonjezera aja, sofa ndi sofa, n'kumawaunjika panja. Muluwo unafika pa zenera. Wometa anadutsa n'kufunsa ngati akutseka shedi. Iwo anati ayi. Anafunsanso kuti nanga matabwawo ndi a chiyani. Iwo anati ndi otsala.

Tsiku limene mlongo wanga anabwerera ku ntchito, mu shedi munali mpando umodzi wotha, wa mayi wina wogulitsa nsapato. Mwini wake analipo. Wometa analiponso, atasiya munthu wometedwa mbali imodzi. Ine ndinazimitsa makina anga onolera.

Mlongo wanga anauzungulira mpandowo, anagogoda thabwa ndi chala. Sanadziponye. Dokotala anali ataletsa zimenezo, ndipo mpaka lero sadziponya. Anagwira m'mbali, n'kutsika pang'onopang'ono mpaka thupi lonse linakhazikika. Mpando sunalire. Iye anakhalabe. Anatsamira, anawongola miyendo, anayang'ana malata akudenga ngati akuwaona koyamba.

"Nditenge?" anafunsa wa nsapato.

"Dikirani."

Tinadikira. Alamu anga anaima pakhomo, nyundo ili m'manja.

"Abambo," anatero mlongo wanga, osadzuka.

"Ee."

"Mwendo wakumbuyo uwu ndi waufupi."

Alamu anga anagwada n'kusuzumira kunsi kwa mpando. Unalidi waufupi.