Kompyuta yanu ikuiwala, mwana wanga akuimba nambala yozima

Katatu ndachoka ku Katuli kupita pa boma, ku ofesi yobwezeretsa masimu. Mpaka lero simu ndilibe. Chifukwa chake? Akuti kompyuta yawo imaiwala.

Foni yanga inagwera m'chitsime. Foniyo sindikuilira, ndinagula ina. Ndikulira nambala. Mwana wanga Asiyatu ali ku Joni, ndipo nambala yomwe amaidziwa ndi yomweyo. Yake inali mu simu momwemo. Sindinapatseko munthu, ngakhale oyandikana nawo, poti kwathu kuno akadziwa kuti uli ndi mwana kunja amayamba kumuimbira n'kumamulirira mavuto awo. Ndiye iye akapanda kundipeza, ine njira ndilibe. Amaimba Lachisanu tikatuluka ku mzikiti. Pomwe tinalankhulana komaliza anati, poti ndi woyembekezera, masiku ake ochira ayandikira.

Ulendo woyamba, mtsikana wa pa kauntala anati ndidinde chala pa kamakina kagalasi kuti adziwe kuti nambala ndi yangadi. Ndinadinda. Zii. Ndinapukuta chala pa chitenje, n'kudindanso. Zii.

"Anganga, vuto si chala chanu," anatero. "Magetsi anazima m'mawa. Kompyuta ikazima n'kuyakanso, chilolezo choti iwerenge kamakinaka chimafufutika. Mpaka abwere bambo wa makompyuta adzatsegule."

Abwera liti? Akuti mwina Lachinayi.

Lachinayi ndinam'peza bamboyo. Ndinakhala pomwe ndimaona manja ake bwinobwino. Analemba kamzere kamodzi kokha, kamakina kanayaka. Ntchito yonse n'kuthera pomwepo.

Ndinati, "Bambo, zomwe mwalembazo zikhala?"

"Zikhala mpaka kompyuta izime."

"Nanga simungazilembe poti zisafufutike?"

Anaseka. "Malo ake alipo, anganga. Pali pomwe umalemba lamulo loti kompyuta iziliwerenga yokha ikangoyaka. Koma ine andituma kudzatsegula basi."

Anavala chipewa chake, n'kukwera njinga yamoto. Patsogolo panga patatsala anthu awiri, magetsi thii. Atayaka, kompyuta sinkakadziwanso kamakina kaja. Mtsikana anangotambasula manja.

Ndiye ndikufunsa. Malo ake alipo, munthu wake akuwadziwa, magetsi a kuno aliyense akudziwa khalidwe lake. Chikuletsa n'chiyani? Imvizi sizinamere ndili mtulo. Atakonzeratu kamodzi, angamuitanenso ndani? Mafuta a njingayo angam'thirirenso ndani?

Ulendo wachitatu ndinafika isanakwane eyiti, fumbi la matola lili m'mano. Magetsi anali atazimapo kale. Mtsikana uja anandipatsa nzeru. Akuti ndingogula simu yatsopano, n'zosavuta, sipafunika kamakina.

Ndinati, "Mwanangu, simu yatsopanoyo ikamuuza Asiyatu ndi pakamwa pati?"

Pomwepo foni yake inalira. Ndinamva akuti, "Eee amayi, ndadzuka, kaya inu." Anacheza, anaseka, anafunsana za mbuzi. Ine ndili chiimire, chitupa changa m'manja.

Munthu wina pa benchi anati ndimupatse dzina la mwana wanga, amufufuza pa intaneti. Munthu wosam'dziwa. Dzina la mwana wanga. Ndinasuntha, n'kumanga bwino mfundo ya chitenje.

Lachisanu lapitali ndinabwera ku mzikiti n'kukhala pa khonde ndi foni yatsopano pa miyendo. Ndikudziwa kuti mulibe simu. Ndinakhalabe.

Inu akuluakulu a ofesi imeneyo, muuzeni bambo wanuyo alembe lamulolo pomwe silifufutika. Ngati sakufuna, tumizani wina. Amene mukuchokera kutali ngati ine, musakwere matola musanafunse ngati magetsi azimapo tsiku limenelo.

Lolemba ndikubweranso, ndipo pa benchi yanu sindichokapo. Kapena mundiyankhe inuyo, poti nambala yanga mwaigwira ndinu: Asiyatu wachira bwino? Mwanayo ndi wamwamuna kapena wamkazi?