Tsiku limene ndinayeza mabwana pa sikelo

Ntchito yanga yachitatu ku Joni inali yotsuka ndege, ting'onoting'ono tija tonyamula anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi. M'mawa ndinkakwera takisi ku Kya Sand n'kukatsikira pachipata cha kabwalo kena ka ndege kunja kwa tauni. Ku Dedza amayi ankauza anthu kuti mwana wawo wamkazi amagwira ntchito m'ndege, ine osawatsutsa.

Pabwalopo panali makaniko wina wachikulire wa ku Chipata. Popeza chilankhulo chinali chimodzi, ankanditenga ngati mwana wawo. Ndege iliyonse isananyamuke, ankatapa mafuta kunsi kwa phiko m'kabotolo n'kuyang'ana padzuwa.

"Mukufuna chiyani mmenemo, abambo?" ndinafunsa tsiku lina.

"Madzi, mwana wanga. Akalowa m'mafuta, injini imalira bwinobwino ili pansi, koma imakazima ndege itangodutsa mitengo iyo."

Anandiuzanso kuti Joni ali pamtunda kwambiri, ndiye kukatentha mpweya umapepuka, ndege yolemera n'kumalephera kukwera. Iwo anaonapo ina ikunyamuka masana otentha itadzaza katundu. Inakwera pang'ono chabe, woyendetsa anayesa kukhota kuti abwerere, n'kugwa m'munda wa chimanga. Onse anafera pomwepo. Nkhaniyi anaikamba kamodzi kokha, maso ali pansi.

Loweruka lina mu Disembala kunabwera amuna anayi, mabwana a fakitale ina ya ku Marlboro, akupita kukawedza. Dzuwa linali likuswa mtengo. Anatsitsa m'galimoto makatoni a mowa, masoseji, nyama ya ng'ombe ndi thumba la makala. Woyendetsa ndege yawo anali mtsikana wochepa thupi, wosalankhulalankhula. Anayang'ana katunduyo, n'kuyang'ananso amunawo, kenako anandikodola.

"Sisi, tabweretsani sikelo."

Atatu anakwerapo akuseka, ine ndikuwerenga manambala. Wachinayi, bambo wamimba yotsogola, anakana.

"Thupi langa ndimalidziwa ndekha," anatero, n'kutchula nambala yake.

"Mukapanda kukwera sikelo, ndege simukwera," anayankha mtsikanayo.

Bamboyo anavula nsapato, chipewa ndi wotchi yomwe, n'kukwera atabweza mimba m'kati. Ndinawerenga mokweza mmene ndinachitira ndi anzake aja. Nambala yake ija inali itatsala kutali.

"Haibo! Sikeloyi ndi yakufa!" anadabwa bamboyo.

"Ndi yamoyo, bwana," anatero makaniko aja. "Dzulo lomweli tinayezerapo injini."

Anzake anaseka mpaka mmodzi anakhala pansi. Mtsikana uja anawonkhetsa papepala, n'kuwauza kuti asankhe: atsale munthu mmodzi, apo ayi utsale mowa, nyama ndi makala. Atatu aja anatembenuka pamodzi kuyang'ana mnzawo.

"Iai, iai! Utsale mowa!" anakuwa iye, nsapato zili m'manja.

Ngakhale zinatero, mtsikanayo sananyamuke msanga. Anawadikiritsa pamthunzi, akunyinyirika, mpaka dzuwa litapendeka. Ndege itayamba kuthamanga, makaniko aja anasiya sipanala n'kuimirira, maso ali pandegeyo. Inadzuka, n'kumakwera pang'onopang'ono mosakhota, mpaka inaoneka ngati kadontho. Apo m'pamene anatolanso sipanala yawo.

Mowa tinawasungira, koma nyama sikanadikira Lolemba, tsiku lobwerako iwo, ndipo bambo wamimba uja anali atanena yekha kuti tidye. Tinasonkha moto kunja kwa mpanda, kutali ndi mafuta. Kunabwera alonda, anyamata othira mafuta, ndi mayi wa Chizulu wosesa m'maofesi, amene anayambitsa nyimbo ife n'kumavomera molakwitsa. Masoseji otsala ndinapita nawo ku Kya Sand, anzanga ogona nawo chipinda chimodzi anadya masiku awiri.

Lolemba anabwerako onse anayi, nkhope zitapsa ndi dzuwa, atagwira nsomba zitatu zokha. Imodzi anandipatsa ine, itakulungidwa m'nyuzipepala.