Mipando Yobwereka ya Ba Lastone

Ba Lastone Sakala adafika ku Kafue kuchokera ku Petauke ali ndi bulangete limodzi ndi kalata ya amalume awo. Adagwira ntchito pa fakitale yoluka nsalu zaka makumi awiri ndi zitatu, osachedwapo tsiku ndi limodzi lomwe. Kenako malire anatsegulidwa, salaula, zovala zakale zochokera kunja, inalowa mabelomabelo, makina anakhala chete. Antchito anauzidwa kuti tsopano ali ndi ufulu wochita bizinesi. Ba Lastone anabwerera kunyumba ku Estates atanyamula ufuluwo, tayi ili pakhosi.

Chaka chimenecho mvula inadula, chimanga chikungotulutsa ngayaye. Mu Juni, kukuzizira, anagulitsa mipando. Pofika Okutobala dzuwa linali litapsereza udzu mpaka kunjanji, ndipo ana awo atatu ankadya mango aawisi ndi mchere.

Pa mpingo wina wa Pentekosite panali gulu la amayi lotchedwa Manja a Chifundo. Lachinayi lililonse ankayendera nyumba kuti aone ndi maso awo woyenera thumba la ufa ndi zovala. Ba Molly, akazi a Ba Lastone, anakalembetsa dzina mwakachetechete, nawauza amuna awo Lachitatu.

"Ndiye kuti kubwera alendo," anatero Ba Lastone.

"Si alendo, atate ake Towela. Abwera kuona njala."

"Munthu wolowa pakhomo panga ndi mlendo."

Kwawo adakula akudziwa kuti mlendo saonetsedwa pansi pa nkhokwe. Choncho m'mamawa anaoloka msewu kupita kwa Ba Edna, mayi wamasiye wogulitsa nsomba pamsika, amene kwawo utsi unkafuka katatu pa tsiku. Anabwereka mipando inayi, tebulo, wailesi, makatani, makapu ndi shuga. Ba Edna, pokhala munthu wamtima, anawonjezera wotchi yapakhoma.

Amayi a Chifundo anafika atatu, motsogozedwa ndi Ba Joyce, dikoni wamkazi wa mawu aakulu. Anapeza pansi pakuwala, wailesi ikuimba, mwini nyumba ali mu jekete.

"Muli shani, ba tate?" anafunsa Ba Joyce.

"Tili bwino, mayo. Mulungu atisunga."

"Nanga zakudya?"

"Tikudya, tikudya."

Ba Molly anatsokomola kukhitchini, koma wailesi inkalira mokweza. Tiyi anabwera, ndipo Ba Lastone anathira okha masupuni atatu atatu a shuga m'kapu ya mlendo aliyense. Ba Joyce anayang'ana wotchi, nayang'ana makatani, nayamika Ambuye kuti m'masiku ovuta ano alipobe mabanja amene sanagwedezeke. Potsanzikana, popeza mlendo sabwerera chimanjamanja, Ba Lastone anagwira nkhuku yomaliza ya pakhomo, naimanga miyendo ndi luzi. Gulu lothandiza anjala linatuluka ndi nkhuku m'khwapa.

Kutsidya kwa msewu chitseko cha Ba Edna chinali chotsegula chifukwa cha kutentha. Ba Joyce anasuzumira. M'nyumba munali mbee: mawindo opanda nsalu, msomali wokha pakhoma, mayi wamasiye atakhala pa saka akumwa madzi m'chitini cha jamu.

"Onani, ba sista," anatero Ba Joyce, misozi ikulengeza. "Ovutika zoona salembetsa na dzina."

Anawapempherera Ba Edna mpaka thukuta. Madzulo ake wilibala inabweretsa thumba la ufa, nyemba, ndi chijasi chaubweya cha kumaiko a chisanu. Ba Edna sananame. Palibe amene anawafunsa kanthu.

Dzuwa litapendeka, Ba Lastone anabweza katundu mmodzimmodzi. Ba Molly sanawathandize. Atafika ndi mpando womaliza, anapeza Ba Edna atamasula thumba, akutapira ufa m'beseni lalikulu mpaka kusefukira.

"Tengani, ba neba. Unga uyu mwausewenzela ndimwe."

"Ife sitinapemphe."

"Nidziwa, ndiye vuto yanu. Manje mverani: sabata yamawa kuyenda ba Katolika. Mukabwere kuseni, mukatenge na bedi."

Ba Lastone anaima nthawi yaitali akuyang'ana ufawo. Unali woyera, wa pa chigayo chachikulu, wokwana nshima ya masiku asanu kapena asanu ndi limodzi ngati Ba Molly angatape mosamala. Kutsidya, ana atatu anali atakhala pakhonde, maso ali kuno.

Anakonza tayi, nawerama, nanyamula beseni. Atafika pachitseko anaona kuti ma minibasi a ku Lusaka atsitsa anthu, ndipo msewu wadzaza.

"Ba Edna," anatero motsitsa mawu, "mulibeko kansalu kovundikira?"