Dzina limene ndinakakuwa ku Chia

Mwana wanga wamkazi amaphunzitsa sayansi pa sekondale ina ku Lilongwe, ndipo amandiimbira foni Lamulungu masana akaweruka kutchalitchi. Chimwalirireni mayi ake, ine ndi iye nkhani sizichedwa kutithera. Mwadzuka bwanji, mwendo uja ukuti bwanji, mankhwala mwamwa, basi zii. Ndiye poopa kuti foni ingangokhala duu, amayamba kundifotokozera zimene waphunzitsa sabata imeneyo, ngati kuti ine ndikulemba mayeso a folomu folo. Ine ndine telala wokalamba wa pakhonde pa Boma pano, maso anathera m'kabowo ka singano. Komabe ndimamvetsera, pakuti m'nyumba muno wina wondiyankhula ndi wailesi basi.

Tsiku lina anandiuza za miyala. Akuti kumwambaku, kutali kupitirira mwezi, kuli miyala yosawerengeka yozungulira dzuwa, ina kukula ngati nyumba, ina kuposa boma lonse la Nkhotakota. Ndinamufunsa ngati imeneyo amamangira sukulu. Anaseka, nati ili ndi mayina, adadi. Ina anaitcha mayina a milungu ya anthu akale, ina a mizinda, a oimba, a aphunzitsi, ina a akazi a amene anaitulukira. Ndinati koma anthu ena kusowa zochita.

Akuti koma dzinalo silibwera tsiku loyamba. Munthu akauona mwala watsopano pa makina ake, amangoupatsa chaka ndi zilembo, ngati khadi la kuchipatala. Kenako amaudikira. Uoneke, usowe, ubwerenso, mpaka akatswiri akhutire kuti njira yake aidziwa, sutayikanso. Pamenepo m'pamene wotulukira uja amaloledwa kupereka dzina, ndipo pali kagulu ka akuluakulu kamene kamaliunika ngati lili lotchulika komanso losatukwana. Ndinafunsa kuti nanga umene wangooneka pang'ono n'kusowa. Anati umenewo umatsala ndi zilembo zake zija, sautcha dzina, koma anthu sasiya kuufunafuna, ndipo ina imadzapezeka patapita zaka zambiri.

Ndinamuuza kuti batire latha, chikhalirecho linali lodzadza.

Mwanayu sadziwa kuti si woyamba kubadwa. Ndili pachikamwini ku Chia, kwawo kwa mayi ake, kunabadwa kamwana kakamuna. Kwathu kuno mwana satchedwa dzina ali m'chikuta, amadikira mchombo ugwe, atuluke panja. Dzina la wachisamba limachokera kuchimuna, ndipo poti bambo anga anali atamwalira, udindowo unali wanga. Dzina ndinali nalo kale, ndinkalitchula chamumtima ndikupalasa njinga kupita ku Boma. Mwanayo ndinamuona kamodzi, azimayi atandilola kusuzumira pakhomo. Mchombo usanagwe, anatisiya.

Anati ndi mtayo. Mtayo saulira maliro, saukhomera bokosi, ndipo amuna sapitako. Azimayi akuluakulu anamukulunga m'kansalu m'mamawa napita naye okha. Ine anandiuza kuti ndipite kuntchito ngati palibe chachitika, ndipo tsiku limenelo ndinasoka mayunifolomu a ana asukulu. Mkazi wanga anamuletsa kulira, akuti akalira sadzaberekanso. Nayenso sanamuonetse malo amene anamuika mwanayo. Tinakalamba limodzi nkhaniyi osaikamba, iye osandifunsa dzina, ine osamuuza.

Sabata ya foni ya miyala ija ndinangokhala wolusalusa. Mayi wina amene anabwera ndi chilundu choti ndipinde ndinamukalipira popanda chifukwa. Zinkandiwawa. Mwala, mwala weniweni, anthu amaufunafuna zaka ndi zaka, pamene ine sindidziwa n'komwe pamene mwana wanga anagona. Mwa azimayi amene anapita naye, wotsala anali mmodzi yekha, azakhali ake a mkazi wanga, ndipo ndinali nditamva kuti akudwaladwala. Ndinadziwa kuti iwowo akapita, malowo apita nawo.

Ndinakwera minibasi mpaka pa Chia, kenako kabaza wanjinga amene anandigwedeza mafupa onse. Ndinawapeza pamthunzi wa mango akusenda chinangwa cha kondowole, owonda ngati bango koma pakamwa pali pomwepo. Anandiyang'ana nati akamwini akumbuka njira lero, kaya kwagwanji. Chapafupi panali azimayi angapo a m'mudzimo akupeta mpunga. Ndinkafuna kunong'ona, koma ndinali nditaiwala kuti azakhaliwo makutu anagontha kalekale. Nkhani imene ndinaibisa moyo wanga wonse ndinaifunsa ngati ndikuitanira usipa pamsika.

Anakwiya. Anati amuna safunsa zimenezo, kodi ulemu ndinausiya mu minibasi. Ndinati umuna wake uti, apongozi, munthu woyendera ndodo ngati ine. Ananunkhiza fodya wawo, napukuta mphuno ndi nsonga ya chitenje. Kenako analoza ndi mpeni cha kumadzi. Anati panali mkuyu m'mphepete mwa dambo, koma madzi anakwera zaka zapitazi, mkuyuwo unauma n'kugwa. Pamene ankaloza panali madzi okhaokha, ndi munthu m'bwato akuonjola ukonde.

"Tinamuika bwino, akamwini," anatero. "Nsalu yake inali yanga."

Ndinayang'ana madziwo nthawi yaitali. Ndinali nditabwera kudzaona malo oti ndiimepo, koma panalibe poima. Ndinatola ndodo kuti nditsanzike, ndiye iwo anandifunsa ngati ndinali nditamusungira dzina. Ndinavomera ndi mutu. Anati ndilitchule. Ndinalitchula pansipansi.

"Mwati chiyani? Kwezani mawu, makutu anafa awa."

Ndinabwereza. Anapukusa mutu, nasendeza khutu. Mtima unandipsa, kaya ndi iwo, kaya ndi zaka zonsezo, ndipo ndinalikuwa dzinalo ndi mphamvu zanga zonse, mpaka nkhuku zinabalalika. Munthu wa m'bwato uja anatembenuka. Azakhali analibwereza pang'onopang'ono, osaphonya, nati ndi dzina labwino, likanamukhala.

Malichero onse anali ataima. Mmodzi wa azimayi aja, wachitsikana ndithu, anapukuta manja nabwera kudzagwada pafupi. Anafunsa mwaulemu kuti agogo akufuna ndani, akawaitanire.

"Musavutike," anatero azakhali, akutola chinangwa china. "Akuitana mwana wawo akamwiniwa. Wachisamba."

Chibadwireni chake, palibe amene anamutchulapo kuti mwana wanga. Ndinakhalanso pansi pamphasa n'kulira, masana dzuwa likuswa mtengo, azimayi akuona, ndipo palibe anandiletsa.