Bondi ya Mkamwini

Anzanga popita kuchikamwini ankanyamula khasu, nkhwangwa ndi bulangete. Ine ndinanyamula zomwezo, koma ndinawonjezerapo liwu limodzi la Chingerezi, ndipo ndi limene ndinkalinyadira kuposa katundu yense. Liwulo linali bondi.

Ndinalitola kwathu ku Bembeke, pamene ankamanga makalasi atsopano kumishoni. Ntchito yanga kumeneko inali yoponda matope ndi kuponyera amisiri njerwa. Mmisiri wamkulu akamayendera khoma ankangokuwa kuti, "Bondi ili kuti apa?" ndipo anthu akuluakulu, a ndevu zawo, ankagumula zimene amanga. Nditafunsa anandiuza kuti bondi ndi kalukidwe ka njerwa, kuti mpata wa pakati pa njerwa ziwiri usagwere pamwamba pa mpata unzake. Imene ankamanga pamenepo ankaitcha bondi ya Chingerezi: mzere umodzi njerwa zigone m'litali ziwiriziwiri, mzere wotsatira zipingase, mitu ili kunja. Anati khoma lake limakhala lochindikala, lokongola, koma limadya njerwa koopsa. Za kudya njerwazo ine sindinazimvetsere.

Ndisaname, mpeni womangira ndinaugwira kamodzi kokha, pa ngodya ya chimbudzi, amisiri atapita kukadya. Koma mphunzitsi wina anandibwereka buku lomasulira mawu, ndipo ndinapezamo kuti bondi yomweyo ndi pangano, ndi pepala la mataipi, ndi chikole chotulutsira munthu kupolisi, ndiponso unyolo wa wandende. Ndinaona kuti munthu wodziwa liwu losenza katundu wochuluka chonchi sangakhale munthu wamba. Kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kuyenda ndi pensulo kukhutu.

Kwathu ndife Angoni, timalowola n'kutenga mkazi. Koma ng'ombe za bambo zinali zitatha ndi matenda, ndipo mtsikana amene ndinamukonda anali wa ku Lobi, kwa Achewa, kumene mwamuna ndiye amasamuka. Tinadalitsa ukwati kutchalitchi, ine n'kulowa m'mudzi mwawo. Anatipatsa kakhitchini kakale kuti tiyambiremo, kadenga kake kowola moti ukagona chagada unkaona kumwamba. Lamulo linali lodziwika kwa aliyense: mkamwini amange nyumba yake mvula isanagwe.

Panalinso lamulo lina limene linandivuta ine mlendo. Mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana kumaso, sapatsana chinthu pamanja, ndipo mkamwini saponda m'nyumba mwawo. Mukakumana panjira, wina amapatukira kutchire. Tsiku lina ndinakumana nawo akuchokera kophunzira magule a chipani, atavala nsalu ya nkhope ya mtsogoleri wa dziko. Iwo anatembenuka n'kugwada, kundipatsa msana. Ine ndinapezeka ndayang'anizana ndi nkhope ya pansalu ija, imenenso masiku amenewo sunkaiyang'ana mwachibwana. Ndinavula chipewa n'kuyamba kubwerera chammbuyo, mpaka ndinakagwera m'munda wa nyemba wa eni ake.

Mkazi wanga atatenga pakati, azimayi anawerengera n'kupeza kuti mwana adzabadwa nthawi yodzala chimanga. Apa m'pamene alamu anga, mchimwene wake wamkulu wa mkazi wanga, amene anali mwini mbumba, anabwera kudzakhala nane pachitsa.

"Alamu," anatero, "ife kuno nyumba sitichedwa nayo. Inu dulani mitengo, amayi afulula mowa, tiitana dima. Anthu abwera kudzagwira ntchito n'kumwa. Tizika, tiphoma, tifolera, basi mwalowa."

"Yophoma?" ndinafunsa, ndikukonza pensulo kukhutu. "Ine ndimanga ya njerwa zootcha. Ya bondi."

Ndinathyola timitengo n'kuyamba kuwafotokozera pansi. Iwo ankangotafuna nzimbe. Nditamaliza analavula zitsotso, n'kunena kuti, "Chabwino, amisiri. Koma mumvetse. Mlongo wanga sadzachirira m'kakhitchini kodontha kaja. Mvula ikagwa nyumba isanathe, akalowa kwa amayi, ndipo akhala komweko ndi mwana mpaka denga lidzakwere. Inu kumeneko mukudziwa kuti simupondako."

Ndinaseka. Mvula inali kutali, ndipo ine ndinali ndi bondi.

Njerwa ndinaumba nthawi ya chisanu, kumunsi kwa dimba, nkhungu ili mbuu, zala zikuchita kuuma m'chikombole. Uvuni tinaotcha ndi alamu. Kenaka ndinapita ku Dedza boma kukasaka levulo, kathabwa kaja kokhala ndi dontho la madzi koyezera ngati khoma lawongoka. Pachipata cha msika anyamata a chipani anandifunsa khadi, ndinawaonetsa, ndinalowa, ndipo ndinasinthanitsa tambala wanga ndi levulo yakale yothetheka kumapeto. Pobwerera ndinaisenza paphewa, ndipo ndinadzera njira yaitali yodutsa pakati pa mudzi kuti aliyense aione.

Madzulo ake mkazi wanga anati, "Amayi anyika kale chimera. Akufunsa kuti dima likhale liti."

"Mukawathokoze," ndinayankha, "koma bondi siifuna manja ambiri. Anthu akaledzera adzandisokonezera mizere."

Iye anafunsa kuti, "Ndikanene choncho kumene?"

"Choncho kumene."

Sipanapite nthawi, ndinamva apongozi kuseri kwa nkhokwe akukalipira nkhuku mokweza mawu. "Thadzi iwe, ukufuna kufungatira mazira a mudzi wonse wekha? Mapiko ako ndi aakulu bwanji?" Ine ndinavomereza mumtima kuti nkhuku zina n'zamakanidi, n'kupitiriza kupukuta levulo yanga.

Kumanga wekha ndi ntchito yoti uifunse kaye kwa amene anaiyesa. Uponde matope, usenze njerwa, ukwere, uyale, utsike, uyeze. Ndikaona kuti mpata wagwera pa mpata unzake, ndinkadzikuwira ndekha ngati mmisiri wamkulu uja, n'kugumula mzere wonse. Anthu opita kumadimba ankaima, n'kuyang'ana, n'kupukusa mitu, ndipo ine ndinkati akusirira. Alamu anasiya kunditcha alamu, anayamba kunditcha Abondi, ndipo dzinalo linafala mpaka kutchalitchi. Ndinkaliyankha mokondwa.

Madzi opondera matope ankatunga ndi mkazi wanga, mpaka pakati panakula osathanso kukwera chitunda chochokera kuchitsime. Komabe m'mawa uliwonse ndinkapeza mgolo uli thoo. Ndinamuuza kuti zikuoneka kuti m'mudzi muno muli anthu ozindikira luso, amene akundithandiza mwakachetechete.

"Luso lanji?" anatero. "Ndi amayi. Amalawirira kusanache kuti amalize musanafike, mungakumane."

Manyazi anandigwira, sindikana. Anandigwira mpaka nthawi ya kadzutsa. Kenaka ndinaona ngodya ina itapendekeka pang'ono, ndipo maganizo anga onse anapita kumeneko.

Njerwa zinatha khoma lili m'chifuwa. Ndinazungulira pamene panali uvuni, ndinatola ziduswa, ndinayang'ana kuseri kwa chulu ngati kuti njerwa zimabisala. Njerwa zokwanira nyumba yonse zinali zitalowa m'theka la nyumba, chifukwa khoma langa linali lochindikala kawiri. Alamu anabwera, anasuzumira m'kati, n'kunena kuti nkhumba zimene zidzagone umu fisi sadzazilota n'komwe. Nthawi youmba zina n'kuotcha inali itatha. Mitambo inali itayamba kale kuunjikana cha kumalire a Mozambique.

Chizimalupsa chinagwa, ndinati ndi kamvula kongodutsa. Kenaka masana ena inagwa yodzalira, yeniyeni. M'kakhitchini kathu munalowa madzi kuchokera kumwamba ndi pansi pomwe, mphasa n'kuyamba kuyandama. Mvula itakata azimayi anabwera, anamanga katundu wa mkazi wanga pansalu, n'kumugwira dzanja kupita naye kwa amayi ake. Palibe anandikalipira. Ndikanakonda akanandikalipira.

Masiku otsatirawo ndinkaima patali, pafupi ndi nkhokwe, n'kufuula kuti, "Mwadzuka bwanji kumeneko?" Mawu a mkazi wanga ankatuluka m'nyumba kuti, "Tadzuka, kaya inu Abondi?" Anali asanandiitanepo choncho. Ndinasungulumwa kwambiri, ndipo ndinachita mantha kuti mwana wanga ndizidzamuonera pabwalo ngati mlendo, mvula ikakata, kenaka n'kumubweza. Ndinachotsa pensulo kukhutu, n'kupita kwa alamu kukapempha dima lija.

"Chimera chija tinamwa kale pa ubatizo," anatero. Ulendo uno sanaseke. "Ndiponso anthu ali m'minda, alamu. Ndani asiye kudzala kuti adzamange nyumba ya munthu amene anawakana?"

M'mawa mwake ndikuyandikira pachimango changa ndinamva mapazi akuponda matope. Anali apongozi, atakwinya nsalu mpaka m'mawondo, msana uli kwa ine. Pambali pawo panali mulu wa zidina, njerwa zosaotcha zimene anaumba okha kuti adzamangire khitchini yawo, zimene ankazisunga pakhonde. Ndinalumpha khoma n'kukabisala m'kati.

"Khoma iwe," ndinamva mawu kunja, "uwauze eni ako kuti matope akuuma."

Kenaka pamwamba pa khoma panatulukira manja awiri, anaika chidina, n'kubwerera. Ndinachitenga. Anaika matope pa chigoba cha beseni, ndinatenga. Umu ndi mmene tinagwirira ntchito, iwo kunja, ine m'kati chowerama, khoma lili pakati pathu. Kuchindikala kwake kunapereka malo okwanira kuti iwo aike, ine nditole, popanda kukhudzana. Pa zonse zimene ndinalonjeza za bondi yanga, ichi chokha ndi chimene inachita.

Zidinazo zinali zazikulu, zina zopindika, zina zothetheka ngodya, ndipo sizinkagwirizana ndi njerwa zanga mwanjira iliyonse. Ndinkangoyesetsa kuti mpata usagwere pa unzake, basi. Nthawi ina dzanja langa linapita lokha pa levulo.

"Khoma iwe," anatero mawu aja, "kathabwa kamadziko kakutichedwetsa."

Ndinaika levulo pansi. Mpaka lero sindidziwa kuti anaona bwanji.

Nkhope ya apongozi anga sindinkaidziwa bwino, koma manja awo ndinawaloweza masiku amenewo. Anali ndi zikhadabo zosweka, ming'alu ya chisanu, ndi chipsera cha moto pa chala chachikulu cha kumanja. Pofika masana manjawo ankayamba kuchedwa pokweza chidina, koma sankasiya. Tikaweruka tinkafunditsa khoma ndi udzu kuti mvula isasungunule zidina, iwo mbali yawo, ine mbali yanga, aliyense akuyang'ana kwina.

Khoma litakwera moti manja aja anayamba kuvutika kufikira, anthu a m'mudzi analephera kupirira. Kuona mayi wamkulu atasiya munda wake n'kumakwezera mkamwini zidina kunawachititsa manyazi, ndipo anayamba kubwera masana akaweruka kumunda, popanda mowa, popanda ngakhale thobwa. Aliyense ankaika chidina mmene chamugwera m'manja. Ine ndinkangoti zikomo, zikomo, maso ndikuyang'ana kumbali kuti ndisaone mizere. Munda wa apongozi unadzalidwa mochedwa, ndipo chaka chimenecho nkhokwe yawo sinadzaze. Sanazitchulepo, ngakhale kwa nkhuku.

Nthungululu zinandipeza ndili padenga ndi alamu tikufolera. Ndinatsala pang'ono kugwa. Mkazi wanga anali atachira, ndipo anali mwana wamkazi. Ndinatsika n'kuthamangira cha kunyumba kwa apongozi, koma ndinakaima pankhokwe paja, pamalo anga, n'kumamvetsera kulira kwake ndili patali. Masiku a chikuta, pamene mayi ndi khanda amabindikira, ife tinamaliza denga, azimayi anazira pansi, alamu anamangirira chitseko cha bango. Nyumba inatha: kumunsi yofiira, ya mizere yowongoka ngati kumishoni, kumwamba yotuwa, yokhotakhota. Alamu anati ikuoneka ngati munthu wovala thalauzi la suti ndi malaya a chiguduli.

Mchombo utagwa, anandiuza kuti ndikadikire m'nyumba. Mkazi wanga analowa yekha, akuyenda pang'onopang'ono, n'kukhala pamphasa. Mwana anali m'manja mwa agogo ake, ndipo iwo sakanalowa ine ndili momwemo. Anaima panja, kuseri kwa chitseko. Ndinaona manja aja akutulukira m'mbali mwa bango, atanyamula kanthu kokulungidwa m'nsalu.

"Khoma iwe, landira," anatero. "Uyu usamuyeze ndi kathabwa kaja."

Ndinayang'ana poti aike kuti ine nditole, koma mwana sungamuike pakhoma. Ndinagwada n'kutambasula manja anga. Manja awo anakhala pansi pa anga, ofunda, okhakhala, chipsera chija chikundikhudza. Anadikira mpaka anatsimikiza kuti mutu ndaugwira bwino, kenaka anawachotsa.