Filimu ya sitima yomira

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha pakamwa. Nditamaliza Folomu 4 ndinkagulitsa mandasi a mayi anga pakhomo pa nyumba yoonetsera mafilimu ku Senga Bay, ndipo ndinkakonda kufotokozera anzanga zimene anthu a m'filimu akunena. Mwini nyumbayo, a Jafali, anandimva tsiku lina. Amene ankawamasulirira mafilimu anali atangopita ku Joni.

"Iwe Asiyatu, zimene ukuuza anzakozi ungazinene pa maiki?"

Mawa lake ndinayamba.

Zida zake zinali laputopu, TV yaikulu yokhomera kukhoma, ampulifaya, masipika, maiki, ndi batire la sola lothandiza magetsi akazima. Mafilimu atsopano ankabwera pa fulashi kuchokera ku Lilongwe. Lamulo linali lakuti filimu iliyonse ndiyambe ndaionera ndekha m'mawa, ndidziwe mayina ndi pamene nkhani ikukhotera. Masana dzanja lina pa maiki, lina pa voliyumu: anthu akamalankhula ndinkatsitsa n'kumasulira, zibakera zikayamba ndinkakweza.

Posakhalitsa ndinadziwa kuti mtundu uliwonse wa mafilimu uli ndi matenda ake. Ankhondo a masiku ano amakoma m'maso, moto ndi magalimoto ouluka, koma nkhani yake ndi yochepa moti womasulira umachita kuwonjezera zako. A ku India ali ndi nyimbo zogwira mtima, kungoti ukhoza kupita kukasamba n'kubwerako awiriwo asanagwirane dzanja. A ku Nigeria amaidziwa mikangano ya m'banja, mpaka amayi a pamsika ankachita kuwayankha apongozi a pa TV, koma nkhani imodzi amaikoka ngati chingamu. Amizukwa mphamvu yawo ndi phokoso basi. Ukatsitsa voliyumu anthu amaseka. A kuno kwathu ankandipumitsa pakamwa ndipo anthu ankadziona okha, ngakhale mawu nthawi zina ankamveka ngati ajambulira m'ndowa.

Tsiku lovuta linadza m'nyengo ya mwera. Boti lina la asodzi linagubuduzika kufupi ndi chilumba cha Mbenji, ndipo mmodzi wa kwathu, Yusufu, anamira. Anzake anabwera kudzaika maliro, mphepo n'kuwatsekereza kumtunda. Apo n'kuti a Jafali atalemba kale ndi choko pa bolodi filimu yatsopano ya asilikali a panyanja. Nditaionera m'mawa ndinapeza kuti pakati pake sitima imamira, wina n'kufera m'madzi mnzake akuona. Ndinapempha kuti tisinthe.

"Anthu aiona kale pa bolodi. Tikasintha ati timanama," anatero a Jafali. "Pamenepo ungodumphitsa mwakachetechete."

Masana nyumba inadzaza asodzi. Pabenchi yakutsogolo panakhala a Sumaili, mkulu wake wa malemuyo, amene anali nawo m'boti lomwelo. Ndinadziwa kuti ndikadumphitsa nkhani iduka ndipo adzafunsa kuti mnzawo wa asilikaliwo wapita kuti. Ndinayatsa maiki.

"Akuluakulu, pepani ndi maliro. M'filimuyi muli pena pamene munthu akumira. Ndikhoza kudumphitsa, kapena ndiike yoseketsa. Nenani ndinu."

A Jafali ali pakhomo anandiyang'ana ndi diso loti tikumana. Ena anayamba kudzuka. Kenako a Sumaili anati, "Ikani yonse, achemwali. Nyanja sitinayambe kuiona lero."

Odzukawo anakhalanso. Titafika pomira sitima, msilikali womirayo anagwirira thabwa n'kuyamba kutsanzika ndi mawu ambirimbiri mnzake amene anali atagwira chingwe. Mawuwo sindinawamasulire. Ndinazimitsa maiki n'kusiya mafunde amveke okha. A Sumaili anaphimba nkhope ndi chipewa chawo. Palibe anatuluka.

Filimu itatha anthu sanadzuke, ine mumtima n'kuti ntchito yathera pano. A Sumaili anachotsa chipewa chija.

"Amene anajambula izi madzi sawadziwa," anatero. "Munthu akamamira salankhula zonsezi. Madzi sapereka mpata wotsanzika." Analoza TV ija. "Koma wotsala uja, mmene manja amanjenjemerera pogwira chingwe, pamenepo sananame. Ndi mmene ndinalili ine."

Wina kumbuyo anafunsa, "Nanga injini ija yomalirabe pansi pa madzi, tikaigule kuti?"

Nyumba yonse inaseka, a Sumaili omwe, misozi ili m'masaya. Atatero anayamba kukamba za Yusufu, mmene ankaimbira pokoka ukonde wa chilimira, mmene ankaopera achule chonsecho mafunde sankawaopa. Anakhala mpaka kumzikiti kutaitanidwa swala.

Ndikukulunga mawaya, a Jafali anaima pafupi nane. "Kuyambira mawa pa bolodi uzilemba ndiwe," anatero. "Uzinena ndi zoipa zake zomwe."

Lero ndili ndi kashopu kanga ku Salima, ndimaikira anthu mafilimu m'mafoni, ndipo Loweruka ndimaonetsa. Munthu asanakhale pa benchi ndimamuuza zimene filimu ili nazo, zokoma ndi zowawa zomwe. Wosankha akhale iyeyo, pakuti ine sindidziwa chimene wasiya kunyumba.